Mwana wakhoza Fomu 4, nanga kuyunivesite alowa bwanji? Mafunso a makolo ndi mayankho ake

Kuno ku Zomba mayeso timakhala nawo pafupi. Likulu la MANEB lili mumzinda momwe muno, ndipo ophunzira a kuyunivesite ya ku Chirunga timakumana nawo tsiku lililonse pamsika ndi pamakabaza. Komabe zotsatira za MSCE zikatuluka, makolo ambiri nthungululu zikatha amangokhala duu kudikira, poganiza kuti mwana akakhoza bwino dzina lake lituluka lokha. Silituluka lokha. Nawa mafunso amene amabwerabwera nthawi imeneyi.

Kodi amasankha ana opita ku mayunivesite a boma ndani?

Ndi bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti liziyang'anira maphunziro a ukachenjede. Mwana amalemba fomu imodzi, ndipo fomu imeneyo ndi yomwe imamufikitsa ku mayunivesite a boma: UNIMA kuno ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, MUST ku Thyolo ndi Mzuni ku Mzuzu. Amene tinazolowera kunena kuti Chanco, Poly ndi College of Medicine tidziwe kuti kuyambira mu 2021 sukulu zimenezi sizilinso pansi pa denga limodzi. Chanco ndiyo inatsala ndi dzina la UNIMA, Poly inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine pamodzi ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu zinapanga KUHeS. Mwana akamatchula mayina atsopanowa musaganize kuti ndi sukulu zachilendo.

Mwana wanga wapeza mapointsi 18. Ndiye kuti malo ake alipo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amapsera mtima. Poyamba timvetse kawerengedwe kake. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndi kulephera. Mapointsi amene timanyadira aja amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino kwambiri, n'chifukwa chake 6 ndiye nambala yosiririka. Kuti mwana aloledwe kupikisana nawo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Mwana wa ma 1 okhaokha koma Chingerezi 7, khomo latsekeka.

Makirediti amenewo amangomulowetsa mumpikisano. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo kumeneko ndi kumene nkhondo imachitikira. Tiyerekeze ana awiri a kalasi imodzi, onse a mapointsi 18. Wina wakhoza bwino Chichewa, Agirikacha, Jogirafe ndi Baibulo, koma Masamu ali ndi 6. Winayo Masamu ali ndi 2, Fizikisi 3, Kemisitiri 3. Onse akalemba za uinjiniya ku MUBAS, wachiwiriyo ali patsogolo kutalitali, ngakhale kunyumba onse anawaphera nkhuku yofanana. Woyambayo si wolephera ayi. Malo ake ali m'makosi ena, monga a zauphunzitsi kapena a zachikhalidwe cha anthu, ndipo akalemba kumeneko ndi iye amene angaopse anzake.

Nanga kota ija? Timamva kuti boma la kwathu limawerengedwa.

Boma linalengeza mu 2020 kuti kota, njira yogawa malo a kuyunivesite potengera boma limene mwana akuchokera, yatha. Musavutike kulembera mwana kumudzi kwa agogo ake kumene sanakhaleko.

Ine monga kholo ndithandize chiyani pa kusankha kosi?

Funso ili ndi lomwe ndimafuna makolo akhalirepo pansi, chifukwa ana ambiri a mapointsi abwino amatsala pakhomo chifukwa cha zimene analemba pafomu, osati zimene analemba m'mayeso.

NCHE ikatsegula nthawi yolembetsa imatulutsa mndandanda wa makosi onse ndi zofunika pa kosi iliyonse. Pezani mndandanda umenewo, pafoni kapena mukasindikizitse kutauni. Yalani patebulo pambali pa kapepala ka zotsatira za mwana, mutenge pensulo, muziyenda kosi ndi kosi: iyi ikufuna kirediti ya Bayoloje, tili nayo, iyi ikufuna Masamu amphamvu, tilibe, dulani. Pomaliza mutsala ndi makosi amene mwanayo angapikisane nawodi. Ntchito imeneyi siifuna kuti kholo likhale lophunzira. Ngati kuwerenga Chingerezi kumakuvutani, mwana awerenge mokweza, inu muzifunsa kuti, "Pamenepa iwe unapeza zingati?" Funso lokhalo limabweza ana ambiri ku maloto a masana.

Fomu imalola masankho angapo, ndipo dongosolo lake ndi lofunika. Cholakwa chofala ndi kudzaza malo onse ndi makosi amene dziko lonse likulimbirana, udokotala, zamankhwala, uinjiniya, akaunti. Loto lake aliike poyamba ngati magiredi akulola, palibe choipa. Koma m'munsimo mukhale makosi amene ali ndi mwayi weniweni, ndipo asakhale a sukulu imodzi yokha. Ana a kuno amakonda kulemba UNIMA yokhayokha chifukwa ndi pakhomo, makolonso timakondwera poganiza kuti adzidzadya nsima ya kunyumba. Bunda ndi Mzuzu si kunja kwa dziko.

Zina ziwiri zoti mudziwe. Amene akufuna zamalamulo ku UNIMA sayambira pomwepo kuchokera ku Fomu 4, amayamba waphunzira kaye kosi ina ndipo amapikisana ali kale m'kati. Ndipo wa udokotala ku KUHeS wochokera ku MSCE amadutsa chaka chokonzekera asanayambe udokotala weniweniwo.

Mwana akufuna zaluso, ife tikufuna akhale namwino. Amve za ndani?

Ine maganizo anga ndi akuti mawu omaliza akhale a mwanayo, chifukwa amene adzakhale m'kalasi zaka zinayi kapena zisanu ndi iyeyo. Kuyunivesite munthu akalephera mayeso amabwezedwa kunyumba, ndipo wophunzira zimene mtima wake sukuzifuna ndi amene amagwa msanga. Koma sindikunena kuti makolo mungogwedeza mutu. Mufunseni mafunso olimba: akamaliza adzagwira ntchito kuti? Akudziwa munthu amene anaphunzira zimenezo? Zomba ndi malo abwino pa nkhani iyi, chifukwa aphunzitsi a kuyunivesite, anamwino a kuchipatala chachikulu ndi ophunzira enieniwo timapemphera nawo limodzi. Mutengeni mwana akacheze ndi mmodzi wa iwo. Zimene angakane kumva kwa bambo ake amazimva bwino kwa mchemwali wa chaka chachitatu.

Amalume ndi azakhali amene adzathandize fizi auzeni msanga, fomu isanatumizidwe. Kudzamva mwana atasankhidwa kale kuti "ife zimenezo sitilipira" kumapweteka kwambiri.

Pamafunika mapepala anji?

Zotsatira za MSCE, chiphaso cha unzika ndi umboni woti ndalama yolembetsera yalipidwa. Chiphaso cha unzika munthu amachipeza akakwanitsa zaka 16, ndiye musadikire sabata yomaliza. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pamapepala onse. Mwana amene kusukulu analembetsa dzina la bambo omupeza koma pachiphaso pali la bambo omubereka adzavutika pa zinthu zambiri, kuphatikizapo ngongole ya fizi. Ndalama lipirani kudzera njira yokhayo imene NCHE yalengeza, ndipo lisiti mulijambule ndi kulisunga.

Ngati mwalembera pamalo a intaneti olipira, mwana akhale pomwepo akuona zimene zikulembedwa. Nambala ya foni ndi imelo zikhale zake kapena zanu, osati za mwini kompyuta, ndipo pasiwedi ailembe m'kope.

Wina wandiimbira kuti ali ndi m'bale ku NCHE, akufuna kangachepe pa Mpamba kuti dzina lilowe.

Ndi wakuba ameneyo. Dulani foni.

Fizi tiipeza kuti?

Pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Mwana amapempha akasankhidwa, ndipo kusankhidwa sikutanthauza kuti ngongole yapezeka, ndi fomu ina, nthawi yake inanso. Dziwaninso kuti ndi ngongole, idzabwezedwa mwana akamaliza. Amafuna umboni wa mmene banja likupezera, choncho ngati mwana ndi wamasiye kapena ankalipiriridwa ndi bungwe lina kusekondale, makalata ake asungidwe bwino.

Ngakhale ngongole itapezeka, ndalama sizifika tsiku lotsegulira sukulu nthawi zonse. Mwezi woyamba ndi wa kholo: thiransipoti, matiresi, ndowa, mapoto, ufa, lendi. Mahositelo a pasukulu sakwanira onse, n'chifukwa chake Chikanda, dera loyandikana ndi UNIMA, inadzaza ndi ophunzira. Mwana akasankhidwa ku Blantyre kapena ku Mzuzu, pezani munthu wodalirika akaone chipindacho ndi maso musanatumize dipoziti, aone ngati chitseko chimakiyika, madzi ali pafupi, ndiponso mtunda wake kukafika m'kalasi, makamaka ngati mwanayo ndi wamkazi wodzayenda usiku kuchokera kulaibulale.

Mndandanda watuluka, dzina lake palibe. Titani?

Tsiku limenelo musayankhule zambiri, ndipo za mwana wa aneba amene wasankhidwa musazitchule n'komwe. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana oyenerera, ndipo chaka chilichonse ambiri okhoza bwino amatsala. Mwanayo akuzidziwa kale kuti anzake akupakira zikwama. Mukaona kuti wasiya kudya, sakutuluka m'chipinda kapena akuyankhula zotaya mtima, musazitenge ngati matama, khalani naye pafupi ndipo mufunefune thandizo kuchipatala kapena kwa munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira.

Mtima ukakhala pansi, njira zilipo, zina mwa izo m'boma lathu lomwe lino. Ku Domasi kuli sukulu yophunzitsa aphunzitsi a sekondale. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi ku Zomba, ndipo ku Malosa kuli sukulu ya anamwino ya St Luke's. Wokonda ntchito zamanja angayesere ku Nasawa kapena makoleji ena a zaluso kudzera ku TEVETA. Mzuni ndi LUANAR zili ndi maphunziro ophunzira munthu ali kwawo. Amene wayamba ndi dipuloma angathe kudzalowa kuyunivesite pambuyo pake kudzera njira ya achikulire, imene sukulu iliyonse imalengeza payokha. Kubwereza Fomu 4 kumathandiza ngati vuto ndi lodziwika, monga 7 wa Chingerezi uja, koma osati kungomubweza mwana kusukulu chifukwa cha manyazi a makolo.

Nanga mayunivesite omwe si a boma?

Alipo odziwika bwino, monga ya Katolika ku Nguludi ndi ya Livingstonia kumpoto. Musanagulitse mbuzi kapena kutenga ngongole kubanki m'khonde, yang'anani pamndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati kosi imene mwana akufunayo ili pomwepo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pamene kosi ina ya pasukulu yomweyo sinavomerezedwe. Funsaninso fizi ya zaka zonse mpaka kumaliza, osati ya semesita yoyamba yokha.