Magazi m'chimbudzi si mudzi nthawi zonse

Ndatopa nawo odwala obwera ndi dzina la matenda m'thumba: "Ndi mudzi, adokotala, mungondilembera mankhwala." Inde, mudzi umatulutsa magazi. Kamwazi ndi likodzo la m'matumbo nazonso zimatero. Koma khansa ya m'matumbo aakulu imayambanso chimodzimodzi, ndipo palibe munthu, ngakhale dokotala wa imvi, angasiyanitse zimenezi pongomva nkhani. Pafunika kupima.

Chimene chimandiwawa n'chakuti khansa imeneyi imapereka mpata. Nthawi zambiri kumayamba kumera kanyama kakang'ono ngati njerewere m'kati mwa thumbo, kosapweteka n'komwe. Mu 1990, Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafotokoza mmene kanyamako kamasandukira khansa pang'onopang'ono, majini (malangizo a m'maselo a thupi) monga APC, KRAS ndi TP53 akamawonongeka motsatizana. Zimatha kutenga zaka 10 kapena kuposerapo. Nthawi yonseyo kanyamako kangathe kuchotsedwa pa colonoscopy, pamene timalowetsa kapaipi ka kamera kumtumbo, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Pali bambo wina wa zaka za m'ma 30 amene sandichoka m'mutu. Chaka chathunthu ndi miyezi ankamwa Flagyl wogula pa okala. Zitakanika, anapita kwa sing'anga amene anamupatsa zopaka ndi zotsukira m'mimba, n'kumuopseza kuti kuchipatala akangomuika thumba pamimba. Pamene mkazi wake ankabwera naye, zikhatho zinali zitayera mbee, thalauza atalimanga ndi chingwe chifukwa lamba anatha mabowo. Chotupa cha khansa chimene tinamupeza nacho chinali pafupi kwambiri ndi kotulukira chimbudzi, moti chala chimodzi chovala golovesi chikanachipeza kalekale. Koma chinali chitafika kale kuchiwindi. Chimene tinakwanitsa ndi kungochepetsa ululu.

Musamati ndi matenda a nkhalamba kapena a azungu. Ku America, mu 2021 anatsitsa zaka zoyambira kuyezetsa kuchoka pa 50 kufika pa 45 chifukwa achinyamata odwala khansayi akuchuluka. Chadwick Boseman, katswiri wa mafilimu uja, anamwalira nayo mu 2020 ali ndi zaka 43. Ku Americako, chotupa chikapezeka chisanafalikire, anthu pafupifupi 9 mwa 10 amakhala adakali moyo patatha zaka 5. Chikafika kuchiwindi kapena kumapapo, sakwana 2 mwa 10.

Tsono za uthenga uja umazungulira pa WhatsApp wakuti mankhwala a khansa anapezeka. Nkhani yake ndi iyi: mu 2022, madokotala a ku chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York analengeza kuti anapereka mankhwala otchedwa dostarlimab kwa odwala 12 a khansa ya kumtumbo, ndipo zotupa zinazimiririka mwa onsewo. N'zoona, ndipo n'zosangalatsa. Koma onse 12 anali ndi mtundu wapadera wa chotupa, chimene maselo ake amalephera kukonza DNA yowonongeka, ndipo odwala otere ndi ochepa. Enafe tikudalirabe opareshoni, chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) ndi radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi cheza cha makina). Munthu akakuonetsani nkhani imeneyi kenako n'kutulutsa botolo la zitsamba kapena makapisozi a "kuchotsa poizoni m'thupi", dziwani kuti akufuna ndalama zanu, ndipo miyezi imene muwononge kwa iyeyo ndi imene chotupa chikufuna.

Mukaona magazi kapena chimbudzi chakuda bii, mukamasinthasintha pakati pa kudzimbidwa ndi kutsegula m'mimba kwa masabata angapo, mukamaonda popanda chifukwa, kapena akakuuzani kuti magazi ndi ochepa koma si malungo, pitani kuchipatala. Manyazi asiyeni pakhomo, munene momveka kuti, "Mundipime kumtumbo." Ngati mayi, bambo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansa ya m'matumbo, nenaninso zimenezo, chifukwa ina imayenda m'magazi. Akakupatsani mankhwala a mudzi koma magazi osasiya, bwererani mukapemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu.