Panelo ya sola imadya kuwala, osati kutentha

Anthu ambiri akumanena kuti popeza dziko likutentha, magetsi a sola achuluka. Ayi ndithu. Kutentha kumafooketsa panelo.

Mawatsi olembedwa kumbuyo kwa panelo anayezedwa maselo, timagawo ta panelo topanga magetsi, ali pa madigiri 25. Padenga masana maselowo amatentha kuposa mpweya ndi madigiri 20 mpaka 30, ndiye kufika pa 65 si zachilendo. Panelo ya silikoni imataya 0.3 mpaka 0.5 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse yopitirira 25, chifukwa voteji imatsika. Werengani nokha: madigiri 40 owonjezera, pa 0.4, ndi 16 peresenti. Ya mawatsi 400 ikupereka 336, dzuwa likuswa mtengo.

Nanga m'tsogolomu? Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, linati dziko latentha kale ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900. Litawonjezera ena 2, panelo ingataye mphamvu yosaposa 1 peresenti. Mitambo, fumbi la chilala ndi utsi wa moto wolusa zimatchinga kuwala kwambiri kuposa pamenepo.

Chimene chimandiwawa ndi mapanelo okhomeredwa pamalata popanda mpata, ndi batire yoikidwa m'kachipinda kopanda zenera. Batire ya asidi moyo wake umafupika ndi theka pa madigiri pafupifupi 10 aliwonse opitirira 25. Inveta, makina osintha magetsi a batire kuti agwire ntchito m'nyumba, nayo ikatenthedwa imadzichepetsera yokha mphamvu kuti isapse. Masiku otentha kwambiri akamachuluka, makina otere ndiwo ayambe kufa, mwiniwake n'kumati sola ndi yabodza. Siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pansi pa panelo kuti mphepo izidutsa. Batire ndi inveta zikhale pamthunzi podutsa mpweya. Pogula, funsani pepala la wopanga muone peresenti ija ya mphamvu yotayika pa digiri iliyonse, ya 0.30 ndi yabwino kuposa ya 0.45.

Ndipo chenjerani ndi amisiri achinyengo. Wina akuuzani kuti muzithira madzi ozizira masana. Galasi lotentha likhoza kung'aluka, ndipo chinyezi chikalowa, panelo yatha. Tsukani m'mamawa. Wina, osakwera n'komwe padenga, angoti gulani mapanelo ena. Mufunseni ayeze voteji nthawi ya masana muli pomwepo. Batire ikayamba kutupa kapena kununkha ngati dzira lowola, zimitsani tsiku lomwelo, musadikire kumapeto kwa mwezi.