Chimene chinagwetsa chipani cha Conservative kummwera kwa England

Pa chisankho cha aphungu cha pa 4 Julaye 2024, chipani cha Conservative, chomwe chinali chitalamulira dziko la Britain kwa zaka 14, chinatsala ndi mipando 121 kuchoka pa 365 yomwe chinapata mu 2019. Ambiri amakamba za Labour poti ndiyo inatenga boma, koma ine ndikuona kuti bala lopweteka kwambiri linachokera kwa a Liberal Democrats otsogoleredwa ndi Ed Davey, omwe anachoka pa mipando 11 n'kufika pa 72, yambiri mwa iyo kummwera kwa England, kuchimake kwa Conservative. Ngakhale Witney ndi Maidenhead, madera omwe kale ankaimiridwa ndi nduna zazikulu zakale za Conservative, David Cameron ndi Theresa May, anatengedwa.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mavoti a Liberal Democrats sanakwere kwenikweni, chifukwa pa mavoti 100 alionse anapeza pafupifupi 12, monganso mu 2019. Chinasintha ndi komwe mavotiwo anagwera. Ku Britain, monga zilili pa chisankho cha aphungu ku Malawi, wopeza mavoti ochuluka kuposa anzake m'dera ndiye wapambana ngakhale asafike theka, choncho chipanichi chinaika mphamvu zake m'madera momwe chinali chachiwiri, ndipo otsatira Labour ambiri m'maderawo anachivotera pofuna kungochotsa phungu wa Conservative. Panthawi yomweyo Reform UK ya Nigel Farage inkakokolola mavoti a Conservative kumbali ina.

Komabe masamu okha sakanakwanira pakanapanda mkwiyo wa anthu. Ambiri okhala m'maderawa ndi ophunzira komanso opeza bwino, ndipo ochuluka ndithu sanafune kuti dziko lawo lituluke mu European Union mu 2016. Kenaka anamva za maphwando a ku Downing Street, ku ofesi ya nduna yaikulu, m'nthawi ya Boris Johnson, pomwe iwo ankaletsedwa ngakhale kuona odwala awo chifukwa cha Covid-19. Ndondomeko ya chuma ya Liz Truss, yemwe analowa m'malo mwa Johnson ngati nduna yaikulu, mu Seputembala 2022 inakweza chiwongoladzanja pa ngongole za nyumba, ndipo apa m'pomwe chipani chomwe chinkadzitama kuti chimadziwa kusamala ndalama chinataya ulemu. Nkhani ya zonyansa za m'zimbudzi zotayiridwa m'mitsinje nayonso a Liberal Democrats anaigwiritsa ntchito mwakhama.

Zizindikiro zinaoneka kale pa zisankho zachibwereza ku Chesham and Amersham ndi North Shropshire mu 2021, komanso ku Tiverton and Honiton mu 2022, pomwe a Liberal Democrats analanda mipando ya Conservative, koma atsogoleri a chipani cholamulacho anapitiriza kulunjika maso awo pa ovota omwe ankathawira kwa Farage.