Foloko ya mashoko pa njinga ya ulendo wautali

Munthu akabwera ndi njinga yoti ayende nayo masiku ambiri atanyamula tenti, mapoto ndi madzi, kawirikawiri amandifunsa kuti, "Amisiri, ndiikeko foloko ya mashoko kutsogoloku?" Nthawi zambiri ndimamuletsa.

Mashoko akutsogolo anatchuka cha m'ma 1990, kampani ya RockShox itayamba kuwapangira njinga zothamanga m'mapiri amiyala. Kumeneko amagwiradi ntchito: tayala silichoka pansi, manja sachita dzanzi. Koma wapaulendo sathamanga. Amapalasa mofatsa atalemedwa, ndipo pa chitunda akaimirira pa mapedulo, foloko yofewa imangodumphadumpha n'kumadya mphamvu zoyenera kupita ku tcheni. Imalemeranso kuposa foloko wamba ndi kilogalamu imodzi kapena kupitirira, komanso yambiri ilibe timabowo tomangirapo kaliya yakutsogolo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi fumbi. Mipaipi iwiri yonyezimira ya foloko ija imalowa n'kutuluka kudzera pa timalabala totchinga fumbi. Timalabalato tikatha, mchenga umalowa, umasakanizika ndi oilo n'kusanduka phala lokhakhala lomwe limakanda chitsulo. Ndatsegulapo foloko yotere, m'kati munatuluka matope akuda bii ndi sipulingi yadzimbiri. A RockShox eni ake amalangiza kusintha oilo wa m'munsi mwa foloko pa maola 50 aliwonse opalasa. Kwa munthu wopalasa maola 6 patsiku, nthawi imeneyo imakwana pasanathe masabata awiri. Nanga kumudzi timalabala tatsopano mukatigula kuti? Foloko yachitsulo ikapindika imawongoleka, ikang'aluka wowotcherera wa pamsika uliwonse amailumikiza. Taonani njinga za Buffalo zomwe kaliya yake imanyamula makilogalamu 100 m'misewu yafumbi ya ku Malawi ndi ku Zambia: zilibe mashoko.

Mabampu ang'onoang'ono, aja amsewu wa mizeremizere, amachepa ndi tayala. Ikani lalikulu la mamilimita 50 m'lifupi, muchepetseko mpweya pang'ono, mumva kusiyana m'mapewa tsiku lomwelo.

Sindikuti mashoko ngachabe. Ngati katundu wanu ndi wochepa ndipo mbali yaikulu ya njira ndi yamiyala, monga njira ya njinga ya Great Divide yochokera ku Canada kukafika kumalire a Mexico, kapena ngati muli ndi vuto la mfundo za m'manja, gulani foloko yabwino yokhala ndi loko yoiumitsa pa phula. Zotchipa zija za pa njinga zakaunjika, zomwe zimalira gogogo mukagwira buleki, ndimazichotsa n'kuikapo yachitsulo.