Kuika chithunzi pa Creative Commons sikutaya umwini

Anthu ambiri amati mukajambula zithunzi pa chochitika cha kwanu, kaya ndi gule kaya mpikisano wa ndakatulo, nkuziika pa laisensi ya Creative Commons ndiye kuti mwazitaya basi, zilibenso mwini. Ayi ndithu. Chithunzicho chikadali chanu, mwangopereka chilolezo pasadakhale kuti ena achigwiritse ntchito potsatira zimene laisensiyo ikunena.

Tengani CC BY-SA, imodzi mwa malaisensi a Creative Commons, imene amagwiritsa ntchito pa mpikisano wa zithunzi wa Wiki Loves Africa womwe unayamba mu 2014. Munthu atha kutenga chithunzi chanu cha amayi akuvina chimtali, kuchiika m'buku, ngakhale kuchigulitsa kumene, koma dzina lanu lilembedwe, ndipo akachisintha nayenso achitulutse pa laisensi yomweyo, akangochotsa dzina lanu ndiye waphwanya mgwirizano ndipo muli ndi ufulu wodandaula.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti okonza zochitika ena sawauza achinyamata kuti laisensiyi siibwezedwa. Mukaika lero simungadzalande mawa kwa amene anatenga kale, ndiye chonde muziwafotokozera asanadine batani loikira ntchito zawo pa intaneti, makamaka amene akufuna kudzagulitsa okha nyimbo kapena zithunzi zawo.