Agogo adamenya nkhondo ku Burma, nanga adalembedwa kuti?

Chitsegulireni chipilala cha ku Cape Town mu Januwale 2025, chokhala ndi mayina opitirira 1,700 a anthu a ku South Africa, ambiri akuda, amene adafa akutumikira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nkhani ya agogo athu a King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali akuda a Britain, yabukanso pakati pa Amalawi kuno ku Joni. Pamaliro ngakhale potuluka m'tchalitchi ku Rosettenville anthu akutsutsana. Ena akulimbikira kuti ku London kuli penshoni ya agogo yodikira zidzukulu. Ena akuti musadzivute, mapepala onse adatayika. Oyambawo sindiwadzudzula, pakuti ngongole ilipodi, kungoti siili m'buku limene akuliganizira.

KAR idakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Asilikali a bataliyoni yoyamba adamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo mayina a amene adafa alipo pa nsanja ya ku Zomba. Amtengatenga, omwe ankafa ndi njala ndi kamwazi atasenza katundu wa nkhondo, ndiwo adasowa owalemba. Bungwe losamalira manda a ofera kunkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomera mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a mu Africa, sadakumbukiridwe ndi dzina.

Pa nkhondo yachiwiri anyamata athu adafika ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma mu 1944, kumene adadutsa chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, malungo akuwagwetsa. Mabuku a tsiku ndi tsiku a mabataliyoni akusungidwa ku Kew, ku London. Pa malo ndi masiku ndi odalirika. Pa anthu ayi: ofisala wachizungu amatchulidwa dzina, pamene asilikali akuda kawirikawiri amangowerengedwa, akuti afa angapo, avulala angapo. Mukadziwa bataliyoni ya agogo, mabukuwa akuuzani kumene anali sabata iliyonse, koma dzina lawo musayembekezere kulipezamo.

Pamene mbiri idadukira kwenikweni ndi pochotsa asilikali ntchito mu 1945 ndi 1946. Chikalata cha boma la Britain chomwe atolankhani adaulula mu 2019 chidaonetsa kuti ndalama yotsazikira inkatengera khungu: msilikali wamba wachizungu mashilini 10 pa mwezi uliwonse wa nkhondo, wakuda mashilini 3 ndi theka. Ambiri amene adabwerera osalumala adalandira kamodzi kokhako, basi. Ndiye taganizani. Munthu wa penshoni amakhala ndi fayilo, ndipo m'fayilomo mumalowa mudzi, mkazi, ana ndi tsiku lomwalira, zomwe mdzukulu amafuna. Wolandira kamodzi, boma lidathana naye tsiku lomwelo. Adapita kumudzi ndi kabuku kosonyeza kuti watuluka usilikali, ndiponso mamendulo.

Mamendulowo nawo ndi osalankhula. Mayi wina wa ku Mulanje, amene amasoka ku Mayfair kuno ku Joni, adandionetsa pafoni chithunzi cha mendulo ya Burma Star ya agogo ake: nyenyezi ya nsonga 6, kansalu kofiira pakati, kabuluu woderako ndi kaolenji m'mbali, kumbuyo kuli see, kopanda chilembo. Britain idapereka mamendulo a nkhondo yachiwiri osalembapo mayina. South Africa idalemba dzina ndi nambala pa ake, n'chifukwa chake mdzukulu wa msilikali wa Native Military Corps, gulu la asilikali akuda a ku South Africa, ali ndi poyambira akamafunsa kosungira zikalata za asilikali ku Pretoria. Amene muli ndi mendulo yozungulira ya nkhondo yoyamba yang'anani m'mphepete mwake, chifukwa apo dzina ndi nambala zidadindidwa.

Kenako ena mwa anthu omwewa adakwera ya Wenela kubwera kumigodi. Kalaliki wa usilikali adali atalemba kale dzina mmene adalimvera, nthawi zambiri la munthu ndi la bambo ake. Wa kumgodi n'kulembanso lina pa pasi. Kabuku kaja kadatsala m'sutikesi kumudzi, chiswe n'kudya. Motero dzina lokha silikufikitsani patali. Chofunika ndi nambala, ndipo apa pakamwa pa akuluakulu pamaposa pepala. Pa zaka amasokoneza, Ethiopia ndi Somaliland amaziphatikiza, koma nambala asilikali ankaiyankha tsiku ndi tsiku, ndipo amayi ake a mayi wa ku Mayfair uja akuikumbukabe chifukwa bambo awo ankaitchula mpaka ukalamba.

Ngati agogo adafera kunkhondo yachiwiri, yambani ndi kaundula wa Commonwealth War Graves Commission pa intaneti, ndi waulere, ndipo yesani kalembedwe kosiyanasiyana ka dzina. Ngati adabwerako amoyo, njira ndi ya ku Zomba, ku National Archives ndi ku Cobbe Barracks, mutanyamula nambala, dzina la mudzi, la mfumu ndi boma limene adalembetsera. Musanagule tikiti ya basi, imbirani kaye azakhali aakulu, muwafunse nambalayo akadali ndi mphamvu.