Kumene unachokera mkangano wa okonda kanema ku Angónia

Munthu amene anakhalapo pakhonde la sitolo ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, madzulo, alimi atamaliza kukweza matumba a mbatata ya kachewere m'malole, anamvapo mkangano wosatha wa akuluakulu ndi achinyamata pa nkhani ya kanema. Akuluakulu amati kanema weniweni ndi amene amaonetsa zinthu zimene zinachitikadi, monga uja ankabwera ndi galimoto ya boma m'masiku a Samora Machel, pulezidenti woyamba wa Mozambique, ndipo kuti zimene ana akuonera lero pa foni ndi bodza lokhalokha lokutidwa ndi phokoso. Achinyamata amayankha kuti amene ankanamizidwa ndi makolo awowo, popeza kanema wa boma ankaonetsa zokhazo zimene boma linkafuna kuti zioneke, pamene iwo akamaonera filimu yomasuliridwa m'Chichewa amadziwiratu kuti ndi sewero, ndipo palibe amene akuwakakamiza kuombera m'manja. Ndamva mawu omwewa ku Domwe, ku Tsangano ndi pa msika wa Lizulu, ndipo ndikukhulupirira kuti mkanganowu sungamveke bwino popanda kudziwa njira ziwiri zosiyana zimene kanema anadzera pofika kwathu kuno.

M'nthawi ya Apwitikizi, pamene Ulongwe inkatchedwa Vila Coutinho, nyumba zoonetseramo kanema zinali zambiri m'mizinda ikuluikulu monga Lourenço Marques (lero Maputo) ndi Beira, ndipo sizinamangidwire munthu wa khasu. Anthu a kumudzi ankamva za bayisikopo kuchokera kwa abale awo obwera ku migodi ya ku Johannesburg kapena ku ntchito za ku Salisbury (lero Harare), amene ankafotokoza za azibambo okwera akavalo ndi kuwomberana mfuti pa chinsalu. Nkhondo yomenyera ufulu itakula m'chigawo cha Tete kuyambira mu 1968, makamera amene ankafika kuno anali makamaka a atsamunda, ndipo ankajambula ntchito yomanga damu la Cahora Bassa, imene inayamba mu 1969, pofuna kuonetsa dziko lapansi kuti Portugal ikubweretsa chitukuko. Koma pa 16 Disembala 1972, pamene asilikali a Chipwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi m'midzi yoyandikana nayo kumwera kwa mzinda wa Tete, nkhaniyo inatuluka kudzera pakamwa pa opulumuka ndi m'zolemba za ansembe, mpaka bambo Adrian Hastings anaifalitsa mu nyuzipepala ya The Times ku London mu Julayi 1973. Boma la ku Lisbon linakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Ine ndimaona kuti amene anakula akudziwa kuti imfa za anthu ochuluka chotere zikhoza kukanidwa poyera ali ndi chifukwa chomveka cholemekezera chithunzi chimene chimasunga umboni, ndipo achinyamata amalakwa akamaseka ulemu umenewu ngati kuti ndi kutsalira chabe.

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma la Frelimo linafulumira kukhazikitsa bungwe loona za kanema, Instituto Nacional de Cinema, ku Maputo. Chifukwa chake sichinali chobisika. Anthu oposa 90 pa 100 alionse sankatha kuwerenga, wailesi ya kanema kunalibe, ndipo dziko linali ndi zinenero zambiri ndi anthu amene sankadziwana, kotero kuti atsogoleri anaona chinsalu ngati njira yoonetsera Mngoni wa ku Angónia kuti iye ndi Mmakonde wa ku Cabo Delgado ndi mbadwa za dziko limodzi. Akatswiri odziwika a kunja anabwera kudzathandiza, ndipo mu 1978 Jean-Luc Godard ndi Jean Rouch, onse ochokera ku France, anagwirako ntchito ku Maputo. M'chaka chomwecho munayamba kanema wa nkhani wotchedwa Kuxa Kanema, amene kuyambira mu 1981 ankatuluka sabata ndi sabata, wa mphindi khumi, wa zithunzi zakuda ndi zoyera. Dzinali amalimasulira kuti kubadwa kwa kanema, ndipo ife olankhula Chichewa sitivutika kulimva, pakuti liwu loyambalo, lochokera ku zinenero za kumwera, ndi mbale wake wa liwu lathu loti kucha, lomwe timatchula m'mawa uliwonse ponena kuti kwacha.

Kanemayu ankaonetsedwa m'nyumba za kanema za m'mizinda filimu yaikulu isanayambe, koma kumidzi ankafika ndi magalimoto onyamula makina, jenereta ndi chinsalu. Malume anga, amene anali mnyamata wa sukulu masiku amenewo, amafotokoza usiku umodzi wotere mosaphonya kanthu. Mlembi wa chipani analengeza masana kuti aliyense abwere pabwalo la sukulu, ndipo dzuwa lisanalowe amayi anali atayala kale mphasa, ana ali kumsana ndipo zitenje azifunda chifukwa cha chisanu cha kumapiri kuno. Chinsalu choyera anachimangirira pa mitengo iwiri ya bulugamu, jenereta inalira, ndipo kuwala kutangotuluka m'makina agulugufe a usiku anadzaza m'mzere wa kuwalako, ana n'kumayesa kuwagwira. Samora ataonekera, akuyenda uku ndi uku ndi kuloza chala monga ankachitira polankhula, khamu lonse linaphokosera, chifukwa ambiri ankangomudziwa ndi mawu a pa wailesi ndi chithunzi cha pakhoma. Koma mawu onse anali a Chipwitikizi. Choncho mphunzitsi wina anaimirira pambali pa chinsalu n'kumafuula m'Chichewa zimene zikunenedwa, ndipo malume amavomereza okha kuti pamene mawu ankathamanga kwambiri mphunzitsiyo ankadumpha zina, kwinaku akuwonjezera zake zokhudza kulima m'munda wa gulu ndi kukumba zimbudzi.

Nthawi zambiri akuluakulu akamakumbukira zimenezi amaiwala kuti ngakhale opanga makanema a nthawi imeneyo sankalekanitsa sewero ndi zoona mouma mtima monga mmene iwo achitira lero. Filimu ya Ruy Guerra ya mu 1979, Mueda, Memória e Massacre, yonena za anthu amene anaphedwa ndi atsamunda ku Mueda, ku Cabo Delgado, pa 16 Juni 1960, inajambula anthu a komweko akuchita sewero limene iwo eni ankachita pokumbukira tsikulo, ndipo inasakaniza seweroli ndi maumboni a anthu amene anaona zoopsazo ndi maso awo. Munthu sanganene mophweka kuti filimu imeneyi ndi sewero kapena ndi umboni, pakuti ili zonse ziwiri pamodzi.

Pa mfundo yoti kanema wa boma ankabisa zambiri, achinyamata akunena zoona, ndipo ndi bwino kuvomereza. Chinsalu chinkaonetsa midzi ya pamodzi ikumangidwa ndi mathirakitala akulima m'minda ya boma, monga ija ya CAIA kuno ku Angónia, koma sichinali malo omvera dandaulo la munthu amene anasamutsidwa pa malo a makolo ake, kapena la amene anatengedwa m'mizinda mu 1983 n'kukatayidwa ku Niassa pa chifukwa choti alibe ntchito. Kenaka nkhondo ya pakati pa boma ndi gulu loukira la Renamo inatseka misewu, ndipo galimoto yonyamula kanema sinkathanso kuyenda momasuka m'midzi. Samora anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, ndalama zothandizira bungwe la kanema lija zinaphwa, ndipo mu 1991 moto unawononga mbali yaikulu ya nyumba yake ku Maputo. Njira yoyamba ya kanema inathera pamenepo.

Njira yachiwiri inadzera kumalire. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique anali atathawira ku Malawi, ndipo a kwathu kuno ambiri anangodumpha msewu wa Dedza ndi Ntcheu, umene m'malo ena ndiwo malire enieniwo, n'kukakhala pakati pa anthu a chinenero chimodzi ndi mafuko amodzimodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ndi ana ophunzira m'sukulu za ku Malawi, ozolowera wailesi ya ku Blantyre, ndipo msika wa kumalire unakhala khomo lolowera chilichonse, kuyambira sopo mpaka makaseti a vidiyo. M'zaka zotsatira, pafupi ndi msika uliwonse panamera kanyumba ka vidiyo. Ndimakumbukira bwino kamene ndinkalowamo ndili mwana: makoma a mphasa okutidwa ndi pulasitiki wakuda kuti osalipira asasuzumire, mabenchi a matabwa osapala, wailesi ya kanema yaing'ono itaikidwa pamwamba pa mgolo, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko maina a Bruce Lee, Chuck Norris ndi Jean-Claude Van Damme. Sitinkamva Chingerezi, koma nkhonya sizifuna womasulira, ndipo mnyamata amene anaonerapo kale filimuyo ankatiuza pasadakhale amene afe.

Pambuyo pake kunabwera mafilimu a ku Nigeria, amene anakopa amayi ndi nkhani za mitala, ufiti ndi apongozi ovuta, ndipo m'nyumba zokhala ndi magetsi munalowa manovela, masewero otsatizana a ku Brazil, kudzera pa wailesi za kanema za ku Maputo. Koma chimene chinasintha zinthu kotheratu ndi ma DJ a ku Malawi, anyamata amene anayamba kujambula mawu awo a Chichewa pamwamba pa mafilimu a ku America, ku China ndi ku India. DJ mmodzi amalankhulira anthu onse a m'filimu, amafotokoza zimene zikuchitika, amachenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo, amatcha chakudya cha alendo kuti nsima, ndipo amasandutsa mzinda wa kutali kukhala malo amene oonera akuwadziwa. Mafilimu amenewa anawoloka malire pa ma CD, kenaka pa memori khadi, ndipo lero mwana wa ku Angónia amapita pa kashopu kobena nyimbo ndi ndalama zochepa n'kubwerera ndi mafilimu odzaza foni. Apa mpamene mkangano uja unakulira, chifukwa tsopano kanema analankhula Chichewa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, koma nkhani zake zinali za anthu ena.

Akuluakulu amadandaula kuti DJ amapotoza nkhani ndi kulowetsa nthabwala zosayenera pamaso pa ana, ndipo dandaulo limeneli lili ndi maziko. Komabe ine ndikamayerekeza zimene malume amafotokoza ndi zimene ndinaona ndekha, ndimapeza kuti mphunzitsi woimirira pambali pa chinsalu ndi DJ wa pa memori khadi ankagwira ntchito imodzi. Onse awiri anaima pakati pa ife ndi zithunzi zopangidwa kutali m'chinenero chimene si chathu, onse awiri anadumpha zina ndi kuwonjezera zawo, ndipo onse awiri tinawakhulupirira chifukwa ankalankhula ngati ife. Mibadwo iwiriyi ikamakangana za zoona ndi bodza, kwenikweni iliyonse ikuteteza womasulira wake.

Kuti nkhani ili pa chinenero zinaonekera poyera mu 2019, pamene inatuluka filimu ya Chiwetel Ejiofor yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Nkhaniyo ndi yoona, inaseweredwa ngati sewero, mbali yaikulu ili m'Chichewa, ndipo muli gule wamkulu amene ndi wathunso kuno ku Tete. Pakhonde lija, amene anaionera sanakangane ngati ili sewero kapena umboni. Akulu ndi ana anagwirizana kuti nkhani ya njala inawakhudza mumtima, ndipo anagwirizananso kuti Chichewa cha osewera ena ochokera kunja chinkamveka chachilendo m'khutu, mpaka ena ankabwereza mawuwo mokweza kuti awakonze. Sindinaonepo filimu ina imene inamvetseredwa liwu ndi liwu chotere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pali kanema wina amene akanayenera kukhala pakati pa mkangano wathu koma satchulidwa. Nkhondo itangotha, Licínio Azevedo, wobadwira ku Brazil koma wokhazikika ku Mozambique, anajambula A Árvore dos Antepassados, kanema wotsatira banja lina la m'chigawo chathu cha Tete pa ulendo wobwerera kwawo kuchokera ku Malawi patapita zaka zambiri za uthawathawa, kukafika pa mtengo wa makolo ndi kupepesa mizimu imene anaisiya osatsanzika. Umenewu ndi ulendo umene pafupifupi banja lililonse la kuno linayenda, ndi mphika pamutu ndi mbuzi pachingwe. Kanemayu anaonetsedwa m'maiko akunja, koma ndikamutchula pakati pa okangana aja, achikulire ndi achinyamata omwe amandiyang'ana modabwa, pakuti galimoto ya boma inali itasiya kale kuyenda pamene iye ankatuluka, ndipo ogulitsa makaseti kumalire analibe phindu lomuyembekezera.

Mwezi wathawu mdzukulu wa malume anapeza pa YouTube kachidutswa ka zithunzi zakale za Samora akulankhula pa msonkhano, ndipo anapita nako kwa agogo ake. Anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, foni ili pakati pawo, mkuluyo atayandikitsa nkhope chifukwa maso anayamba kufooka. Mnyamatayo, amene anaphunzira Chipwitikizi mpaka kalasi 12, ankaimitsa kanemayo pakatha mawu angapo n'kumasulira m'Chichewa. Atafika pakati, malume anamugwira dzanja n'kumuuza kuti mphunzitsi uja sanamasulire choncho usiku uja pabwalo la sukulu. Mnyamatayo anabweza kanemayo kumbuyo, anamvetseranso kawiri, ndipo anabwereza mawu omwe aja osasintha ngakhale limodzi. Malume anakhala chete kanthawi, kenaka anamuuza kuti ayambirenso pachiyambi, ndipo amasulire pang'onopang'ono.